Nkhwali ndi Chiwerengero Chamakani

Padangokhala. Inu mukuodzera kumbuyoko vomerani kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ifuna munthu wodziwa kuwerenga zala zake.

Kale mbalame zidali ndi mfumu yawo, dzina lake Chiwombankhanga. Musayese kuti adali wokalipa. Adali wansangala, woseka mpaka kukhosi kuonekera, ndipo ankakonda kunena pabwalo kuti iye chibadwire sadalandepo kanthu ka mwini, amangolandira gawo lake. Ine anthu otere ndimawaopa kuposa olusa.

Gawo lakelo lidali lotere. Chaka chilichonse mazira akaswa, mfumu inkayendera midzi pamodzi ndi nduna yake, Khwangwala. Mayi aliyense ankabwera ndi ana ake pabwalo, n'kuwaimika m'mizere yofanana, wina usapose unzake, kenaka n'kupereka mzere umodzi ndi mapiko awiri. Mfumu sinkaloza, inkangolandira, poti kuloza n'kwa akuba. Ana a mzere woperekedwawo Khwangwala ankawathyola nsonga ya phiko pomwepo, kuyambira wamkulu, kuti asadzaulukenso, ndipo ankapita kukakhala akapolo osesa kunyumba ya mfumu. Koma mwambowo udali ndi potulukira pamodzi. Ana akakana kugawika m'mizere yofanana, nthawi zonse n'kumatsala wina wopanda mnzake, mfumu inkabwerera chimanjamanja, pakuti makolo adati kugawa kokondera kumagwetsa ufumu. Chiwerengero chokana kugawikacho mbalame zinkachitcha chamakani.

Ndiye mayi aliyense adali ndi chiwerengero chake cha pamtima. Ena ankatama atatu, ena asanu, ena asanu ndi awiri. Woposa onse pa matama adali Njiwa. Iye ankaikira mazira awiri basi, ndipo ankauza aliyense, womufunsa ndi wosamufunsa yemwe, kuti awiri ndiwo nkhoswe ya ziwerengero zamakani, chifukwa amapanga mzere umodzi wokha, wachiwiri palibe, ndipo mfumu singatenge mzere pamene mayi satsala ndi wake. Adali kunena zoona, koma ankatopetsa.

M'mudzi womwewo mudali Nkhwali, mayi wosalankhulalankhula. Chaka chathacho iye adaswa ana khumi, ndipo khumi n'chiwerengero chaulemu kwambiri, chimagwada msanga. Adawaimika mizere isanu ya awiriawiri, napereka Tsekera ndi Kamphonje. Adamva ndi makutu ake mapiko awo akuthyoka. Sadalire, moti anzake adamunena kuti ndi wouma mtima, koma m'kati mwake munkawira ngati mphika wovundikira. Adalumbira kuti mfumu sidzalandiranso nthenga ngakhale imodzi ya m'chisa chake.

Chaka chino adaswa ana asanu ndi anayi, wotsiriza kamwana kowonda kotchedwa Katsalira. Mnansi wake Nkhanga adaswa khumi ndi asanu, ndipo adayamba kuvina pakhomo, akuti waayesa awiriawiri ndipo mmodzi akutsala, choncho mfumu ilira chaka chino. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nkhwali adamuyang'ana akuvina mpaka adatopa, kenaka adamuuza kuti awaimike atatuatatu. Nkhanga adawaimika. Mizere isanu idatuluka yowongoka bwino, wotsala palibe, ndipo mwini wake adangokhala pansi.

"Achemwali, si chilichonse chokana awiriawiri chili ndi makani," adatero Nkhwali. "Anga asanu ndi anayiwa nawonso ndi mizere itatu ya atatu. Tonse tili m'madzi. Koma mundipatse ana anu awiri ndikawalere."

Nkhanga adayamba wakana, poti mayi sapereka mwana ngati nkhuni. Nkhwali adatola timiyala nayala pansi, kumuonetsa kuti iye akakhala ndi khumi ndi mmodzi, mnzakeyo atsala ndi khumi ndi atatu, ndipo adamuuza ayese yekha kugawa milu iwiriyo. Nkhanga adayesa uku ndi uku mpaka mutu udamuwawa, timiyala tikukana. Tsiku lomwelo ana awiri a Nkhanga adadya m'mbale ya Nkhwali.

Tsiku la mizere lidafika, mfumu idatera pabwalo ikuseka monga mwa masiku onse. Pa mwambowu amayi ankaimba nyimbo poimika ana, nyimbo yokoka ngati ya maliro, youza ana kuti aime mowongoka asachititse manyazi mudzi. Koma Nkhwali adayambitsa ina, yofulumira ndi ya m'manja. Iye ankafunsa kuti watsala wopanda mnzake ndani, amayi n'kumavomera kuti wotsalayo ndiye mwini mudzi, asamukhudze. Poyamba ankavomera monong'ona, maso ali pansi.

Khwangwala adayamba ndi ana a Nkhwali. Awiriawiri, mmodzi adatsala. Atatuatatu, awiri adatsala. Anayianayi, asanuasanu, chimodzimodzi, ndipo wotsalayo kawirikawiri ankakhala Katsalira, ataima yekha ngati wosowa kwawo. Ana a Nkhanga nawo adakana mpaka ndunayo idatuluka thukuta. Pamenepo Khwangwala adasuzumira bwino, naona kuti ana awiri a mzere wa Nkhwali adali ndi makosi a kwa Nkhanga, ndipo adadandaula kwa mfumu kuti pachitika chinyengo.

"A nduna, inu mudaleredwa ndi azakhali anu, mudzi wonse ukudziwa," adatero Nkhwali. "Kodi mudali mwana wachinyengo? Mwana wodya m'mbale ya mayi n'kuima mumzere wake ndi wa mayiyo. Kapena mwambo umenewu udatha, Chalo mfumu yathu?"

Chiwombankhanga sakadatsutsa pamaso pa gulu, poti mbiri yake yonse idali ya chilungamo. Adaseka kwambiri, navomera kuti ndi zoona, mwana wa mnzako ngwako yemwe, wodya m'mbale yako ndi wako. Adauza Khwangwala kuti mawu amenewo awasunge. Kenaka adayang'ana Nkhwali kwa kanthawi, nati mudzi wanzeru chotere ndi wofunika kuuyendera kawiri.

Sipadapite nthawi, Khwangwala adabwera ndi uthenga woti poti amayi a m'mudzimo amakondana mpaka kulererana ana, mfumu yaona kuti ndi banja limodzi, choncho ana onse a m'mudzi adzaimikidwa pamodzi. Amayi adawerengera msanga. Khumi ndi mmodzi a Nkhwali, khumi ndi atatu a Nkhanga, awiri a Njiwa, onse makumi awiri kudza asanu ndi mmodzi, mizere khumi ndi itatu ya awiriawiri. Njiwa, amene chibadwire sadaopepo tsiku la mizere, adayamba kulira ndi kutukwana Nkhwali kuti makani ake aputa njuchi. Nkhanga adafunsa ngati sangabise mwana mmodzi m'udzu, koma aliyense ankadziwa kuti wobisa mwana amalandidwa onse. Nkhwali adangowauza kuti akonze makosi a nyimbo, zina amusiyire.

Mfumu itatera pabwalo, Nkhwali adagwada naomba m'manja mwaulemu wonse, napempha kuti lamulo latsopanolo linenedwenso chifukwa iye ndi wogontha pang'ono.

"Ana onse a m'mudzi muno, amayi," idatero mfumu ikumwetulira.

"Onse, Chalo? Ngakhale a pamwamba?"

"Apansi ndi apamwamba omwe. Ine sindikondera."

Tsono mumtengo wa kumapeto kwa mudziwo Khwangwala adali ndi chisa chake, ndipo ana ake sankaimikidwa chaka chilichonse, poti ndani akadafunsa nduna. Nkhwali adatuma Njiwa, ndipo Njiwa, misozi isadaume, adapita nakatsitsa tiana titatu takuda, takukamwa kwakukulu, natiika pakati pa anzawo. Khwangwala adayang'ana mfumu kuti imupulumutse, koma mfumu idali itangonena kumene kuti siikondera.

Nkhwali adayambitsa nyimbo ija, kufunsa za wotsala wopanda mnzake, ndipo ulendo uno amayi adavomera mokweza, maso ali pa mfumu. Ana tsopano adali makumi awiri kudza asanu ndi anayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khwangwala adawerenga tsiku limenelo mosamala kuposa masiku onse a unduna wake, mtima uli m'mwamba, akupempha mizimu ya makolo ake kuti chiwerengero chikane. Awiriawiri chidakana, atatuatatu chidakana, asanu ndi awiri chidakana, mpaka adafika pa mizere iwiri ya khumi ndi anayi, kamwana kamodzi kadali katatsalabe. Ena amati pomaliza ndunayo idamveka ikuvomera nawo nyimbo, koma iyo imakana mpaka lero.

Mfumu idasekanso, koma kuseka kwake kudali kowonda. Idauluka osatsanzika.

Ulendo wachitatu Chiwombankhanga sadafunse nzeru kwa nduna, adaganiza yekha. Iye ndi mkazi wake ankaswa mwana mmodzi pachaka, ndipo wa chaka chimenecho, wodzalowa ufumu, adali Thambo, chimwana chonenepa chosadziwa kuuluka. Mfumu idabwera naye pabwalo, nimukhazika pakati pa ana a m'mudzi, niti mwana wake wabwera kudzacheza, ndipo poti lero ali m'mudzi muno, awerengedwe nawo. Idadziwa kuti palibe mayi angalimbe mtima kupereka mwana wa mfumu, choncho Thambo adzangodzaza chiwerengero, ena n'kuthyoledwa mapiko.

Makumi atatu. Ngakhale mwana amadziwa kuti makumi atatu alibe makani m'pang'ono pomwe, amagawika awiriawiri, atatuatatu, asanuasanu, paliponse pamene wawagwira. Njiwa adafungatira ana ake. Khwangwala adayang'ana tiana take titatu tija. Nkhwali naye adachita mantha, ndisakunamizeni, mantha enieni, chifukwa adaona kuti pano timiyala sitithandiza ndipo ana awiri ayenera kuima kutsogolo.

Adapempha mfumu kuti ana adye kaye, poti sikoyenera kuti mwana apite ku ukapolo ndi njala. Mfumu idavomera, niyamika ulemu wake. Nkhwali adatulutsa mbale yake yodzaza ziwala naiika pakati, ndipo ana onse adathamangira. Thambo, wozolowera kudya woyamba, adakankha anzake nameza ziwala zoposa theka, bambo wake akuseka monyadira.

Atatha kudya, Nkhwali adaimika ana mizere khumi ndi isanu ya awiriawiri. Amayi onse adamuyang'ana kuti atenga a yani. Iye sakadapempha mwana wa mnzake pa makani amene adayambitsa yekha. Adagwira Katsalira wake, kamwana kaja kowonda, namuimika pambali pa Thambo, ndipo adakankhira awiriwo kutsogolo ndi mapiko awiri, atagwada.

"Nawu mzere wanu, Chalo. A nduna, mwambo umati muyambe ndi wamkulu."

Katsalira adayang'ana mayi wake, ndipo Nkhwali adamva ngati chiwindi chikung'ambika, koma sadagwetse maso. Adayambitsa nyimbo yekha. Palibe adavomera poyamba. Kenaka Nkhanga adavomera, Njiwa natsatira. Khwangwala, amene ana ake adali ataikidwa pa moto kawiri popanda mfumu kuphethira, adayenda pang'onopang'ono nagwira nsonga ya phiko la Thambo ndi mlomo wake.

"Leka!" idakuwa mfumu, kuseka konse kutathawa. "Ameneyo ndi wanga, mchotseni. Ndilandira kowondako. Mmodzi ndi mzere womwe."

"Nenaninso mokweza, Chalo, kugontha kuja sikudathe," adatero Nkhwali. "Ngati mmodzi ndi mzere, ndiwaimikanso anawa mizere makumi atatu ya mmodzimmodzi, ndipo mzere wanu ukhala uyu ali m'kamwa mwa ndunayu. Komanso m'chisa chanu mumaswa mmodzi chaka ndi chaka. Ndiye kuti chaka ndi chaka muzibwera naye pano adzathyoledwe, poti inu simukondera."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chiwombankhanga adaona kuti ndodo iliyonse imene angamenyere Katsalira iyamba yaswa mutu wa mwana wake. Adameza mawu ake pamaso pa mudzi wonse, nalengeza kuti mmodzi si mzere, sadakhalepo mzere. Koma mfumu sigonja kamodzi. Idatembenuka niti ngati mmodzi sagawika, ndiye kuti ndi chiwerengero chamakani choposa zonse, ndipo Thambo, pokhala yekha m'chisa chake, mwambo ukumuteteza, abwerere kwawo. Njiwa, amene sankafuna kuti wina alande ulemu wa awiri ake, adang'ung'udza poyera.

"Makani munthu sachita ali yekha, Chalo," adayankha Nkhwali. "Awiri a Njiwa amakana chifukwa agwirana. Khumi ndi mmodzi anga mumawayesa uku ndi uku, iwo n'kukana kusiya mnzawo. Mmodzi akana chiyani, akana ndani? Palibe chomugawa, ndipo palibe womugwira phiko. Komanso mwanayu si wa chisa chanu. Wadya m'mbale yanga, waima mumzere wanga. A nduna, mawu aja mudawasunga?"

Khwangwala adalavula phiko lija, nati adawasunga ndithu, ndipo adaonjeza kuti mwendo wa chiwala ukadali pamlomo pa mwanayo, aliyense aone. Mbalame zonse zidaona. Mwa mawu a mfumu yomwe, wodzalowa ufumu adali mwana wa Nkhwali, ndipo Nkhwali akadatha kumupereka kuti athyoledwe kapena kupita naye kwawo akaphunzire kupalasa m'zinyalala.

Chiwombankhanga adatsitsa mutu, nafunsa ndi mawu aang'ono kuti mayiyo akufuna chiyani. Nkhwali sadapemphe ufumu kapena chuma. Adati iye ndi mayi wodziwa kulererana, ndipo mwana wakeyu Thambo amupereka kwa mfumu kuti ikamulere, koma nayo imupatse ana awiri osesa kunyumba kwake, Tsekera ndi Kamphonje. Adati Thambo sachoka pabwalopo mpaka iye atawaona ndi maso.

Mfumu idatuma mthenga, ndipo mudzi udadikira. Patapita nthawi anawo adatulukira akuyenda pansi, atakula, atatuwa, mapiko akukwekwereza. Mfumu idanyamula mwana wake, ndipo pabwalo padatsala makumi awiri kudza asanu ndi anayi aja, amene idadziwa kale kuti sagawika. Idauluka osayang'ana m'mbuyo. Sidabwerenso ndi mwambo wa mizere, m'mudzimo kapena kwina, chifukwa nkhani idawanda ndipo amayi a midzi yonse adaphunzira kulererana ana. Kuyambira pamenepo Chiwombankhanga amangokwatula kuchokera m'mwamba, monga wakuba amene adali chikhalire, ndipo mmodzi sawerengedwa pakati pa ziwerengero zamakani mpaka lero.

Nkhwali adabweza ana awiri a Nkhanga, nathokoza mnzakeyo. Kenaka adasonkhanitsa ake pakhomo nayamba kuwerenga, kukhudza aliyense pamutu. Asanu ndi anayi a chaka chino, Katsalira ali kumapeto, ndi awiri aja obwerera. Khumi ndi mmodzi, osabwereka kwa munthu. Adawerenganso kachiwiri, ndipo pamenepo ndi pamene adalira, misozi yonse ya chaka chatha, mpaka aja adamunena kuti ndi wouma mtima adachita manyazi.

M'mawa mwake ana adafuna kupita kukadya kutali, ndipo aang'onowo adatambasula mapiko kuti auluke. Tsekera ndi Kamphonje adangoima, maso pansi. Nkhwali adapinda mapiko ake, nauza onse kuti apinde awo.

"Tiyenda pansi," adatero. "Pano palibe wotsala."

N'chifukwa chake nkhwali, ngakhale ili ndi mapiko abwinobwino, imakonda kuyenda pansi ndi ana ake, ndipo imauluka pokhapokha zitavuta.

Yathera pamenepa. Wosakhulupirira atole nthanga za dzungu khumi ndi imodzi ayese kuzigawa, ine ndikaphule mbatata yanga isadapserere.